Ndinkaba m'Dengu la kwa NyaMoyo

Monire mose, amama ndi adada. Ndilankhula Chichewa, mundikhululukire. Chitumbuka changa ndi cha pamsika, chimakwana pokambirana mtengo wa nsalu, koma zimene ndikufuna kunena lero zikufuna chilankhulo chimene ndinayamwira. Dzina langa ndine Esinati. Kwathu ndi ku Kasungu, koma kuno ku Mzimba ndakhalitsa. Ena mumandidziwa kuti telala wa pakhonde la kumsika, ena kuti mayi a Tawonga. Palinso ena muno, ndikukuonani, amene mumandidziwa monga chidakwa chachikazi chija chinkagona m'ngalande kuseri kwa chigayo. Musagwetse nkhope. Ndinali ine ndithu.

Amama NyaMoyo, eni khomo lino, andipempha kuti ndinene mawu awiri atatu za dengu limene mwaliona polowa. Iwo amafuna ndingonena kuti gulu lathu limadalira mphatso, aliyense aponyemo chimene ali nacho, basi ndikhale pansi. Ine ndawauza kuti sindingathe kunena za dengulo osanena zimene ndinalichita. Ndiye mupirire nane.

Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa kumudzi wina kufupi ndi Embangweni. Anandilowola ndi ng'ombe monga mwa mwambo wa kuno. Tinakhala pa Boma pano, iye akumanga nyumba za anthu, ine ndikusoka. Tinabereka ana awiri aakazi, Tawonga ndi mng'ono wake Lusungu. Kenako mwamuna wanga anachita zimene amachita amuna ambiri a boma lino, anakwera basi ya ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse, n'kumatumiza mabulangete ndi nsapato za ana. Chaka chachiwiri foni inayamba kulira mwa apo ndi apo. Chaka chachitatu ndinaona chithunzi chake pafoni ya mkazi wa mnzake, atanyamula khanda losakhala langa, pambali pake ataima mkazi wovala chipewa chofiira.

Sindinalire pagulu. Ndinabwerera pamakina n'kumaliza siketi imene ndinkasoka. Koma kuyambira tsiku limenelo tulo tinandithawa, ndipo pachifuwa panga pankalemera ngati wina wasanjikapo thumba la chimanga. Mnzanga wina wogulitsa tomato anati, "Iwe, kapu imodzi ya kachasu madzulo, ugona ngati khanda." Sananame. Ndinagona. Sabata yotsatira kapu imodzi sinakwane. Mwezi usanathe ndinali ndi kabotolo m'dirowa ya makina, pansi pa ulusi ndi mazipi. Ndinkamwa m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera polowetsa ulusi m'singano, masana kuti ndisaganize, madzulo kuti ndigone.

Zinthu zinagwa mofulumira. Mabulauzi a amayi a kumpingo ndinawadula mikono yosiyana. Thalauza la mphunzitsi wina ndinalisoka mwendo umodzi wautali. Diresi la ukwati la mwana wa mayi wina wa ku Jenda ndinalisiyira simbi ya makala pamsana n'kuwodzera, tsikulo lili Lachinayi, ukwati uli Loweruka. Mayi uja sanandimenye, sananditukwane. Ananyamula diresi lake lobowoka n'kuzungulira nalo msika wonse akulionetsa. Kuchokera pamenepo palibe anandibweretseranso ngakhale chigamba. Kumpingo anandiimika. Makina ndinagulitsa mutu kaye, kenako thebulo lake.

Tsiku lina Tawonga, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anakomoka pamzere kusukulu chifukwa kunyumba moto unali usanayake kwa masiku awiri. Uthenga unafika kumudzi. Mlamu wanga, mkulu wake wa mwamuna wanga, anabwera pagalimoto ya matola pamodzi ndi apongozi anga aakazi. Anandipeza dzuwa lili pamutu nditagona pakhomo, chitenje chitamasuka.

"Mlamu," anatero, "ng'ombe zathu zili ku Kasungu. Ana awa ndi a kwathu. Mbwenu, basi, tawatenga."

Ndinayesa kudzuka, miyendo inakana. Lusungu ankalira akundikoka chala. Tawonga sanalire. Analowa m'nyumba, anatolera makope ake ndi zovala za mng'ono wake, anaziika m'jumbo, n'kukakwera galimoto osacheuka. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Zikanakhala bwino akanandilavulira.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo ndiye ndinadzidzimuka n'kusiya. Ayi. Amene mumamwa mukudziwa. Pamenepo ndiye ndinapeza chifukwa chenicheni chomwera. Nyumba ndinatulukamo. Ndinkagona m'khitchini mwa mayi wina wotcheza kachasu, ndikumutungira madzi ndi kumutolera nkhuni kuti andithirireko m'kapu. Ndinkayenda ndi fungo limene ngakhale agalu ankalipatuka. Sindinkafuna kufa, koma sindinkaonanso chifukwa chodzukira.

Za khomo lino ndinazimvera komweko kumowa. Amuna ena ankaseka, akuti, "Kuli gogo wina anabwera ndi chipembedzo cha amwenye kuchokera ku Joni. Akuti yoga. Anthu akuluakulu amadzipinda ngati mphaka, kenako amakhala chete atatsinzina ngati akufa. Akamaliza amamwa tiyi ndi mbatata." Wina anawonjezera kuti, "Pakhomo pake pali dengu, anthu amaponyamo sopo ndi shuga, koma palibe wolilondera." Ine zonsezo ndinamvapo ziwiri zokha, tiyi ndi dengu lopanda mlonda.

Ndinabwera Lolemba m'mawa. Chipinda chochezera n'chomwechi, mipando atatulutsa, mphasa atayala kuchokera kukhoma kukafika kukhoma. Munali anthu ngati khumi: amayi a kumsika odandaula msana, wapolisi wina wopuma ntchito, ndi adada Shaba, bambo wachikulire amene anafa ziwalo mbali imodzi. Akazi awo, amama NyaTembo, ankawakhazika panjinga n'kumaikankha kuchokera kunyumba mpaka pano, katatu pa sabata. Amama NyaMoyo ndinali ndisanawaonepo. Ndinamva pambuyo pake kuti anagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni zaka zambiri, akusamala gogo wachimwenye, ndipo zowongola thupizi anaphunzira komweko msana wawo utawapweteka chifukwa chonyamula wodwala. Atabwerera kuno anayamba ndi anansi awiri, osalipiritsa munthu. Mpaka lero salipiritsa.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndikudziwa kuti fungo analimva.

"Monire, mwana wane. Vulani nsapato, mukhale pamphasa apo."

"Ine sindinabwere kudzapemphera," ndinatero.

"Nafenso pano sitipemphera. Aliyense ali ndi tchalitchi chake. Pano timawongola thupi, timapuma, timakhala chete pang'ono. Basi."

Ndinasankha mphasa ya kumbuyo, pafupi ndi khomo. Anthu anatambasula mikono, anawerama, anapotoza chiuno, ine ndikungotsanzira mwaulesi. Itafika nthawi yokhala chete, onse anatsinzina. Ndinatambasula dzanja, ndinalowetsa m'dengu, ndinatulutsa sopo wochapira n'kumubisa m'chitenje. Tiyi ndinamwa makapu awiri. Masana ake sopo uja anali atasanduka kachasu.

Lachitatu ndinatenga shuga. Loweruka machesi ndi mchere. Ndinachita zimenezi miyezi iwiri yathunthu. Tiyi anayamba kubwera wosatsekemera. Amama NyaMoyo ankangoseka n'kunena kuti, "Lero tiyi wathu ndi wa odwala shuga, imwani mukhale ndi moyo wautali." Anthu ankaseka, ine ndikuseka nawo. Sindinkamva manyazi ngakhale pang'ono. Ndinkangowaona ngati zitsiru zimene Mulungu wandipatsa.

Tsono linafika Loweruka lina la mwezi wa Juni, kuzizira kuja kwa kuno kolowa mpaka m'mafupa. Amama NyaTembo atatsitsa amuna awo panjinga, ndinawaona akuika kanthu m'dengu mosamala, kokulungidwa m'kansalu ka maluwa. Tsiku limenelo tinayamba ndi kukhala chete chifukwa cha kuzizira, kudikira kuti dzuwa lilowe pazenera. Onse atatsinzina ndinakatenga. Anali mazira asanu ndi limodzi. Ndinawalowetsa m'bulauzi, pamimba, n'kumanga chitenje pamwamba pake. Ndinali nditayamba kale kuganiza kuti andipatsa makapu angati.

Ndipamene amama NyaMoyo anandiitana. "Esinati, pakhomopo pakuwomba mphepo. Bwerani kutsogolo kuno, pafupi ndi adada Shaba."

Ndikanakana bwanji? Ndinayenda pang'onopang'ono nditagwira pamimba ngati wodwala, n'kukakhala pakati pa anthu.

"Tsopano tonse tigone chafufumimba," anatero. "Manja pansi pa mapewa. Tidzutsa chifuwa pang'onopang'ono."

Ndinayesa kugona chammbali. Iwo anabwera, anandigwira phewa mofatsa n'kunditembenuza. M'chipinda munali zii. Ndiye phokoso lake linamveka bwinobwino, khwa, khwa, khwa. Ndinamva kuzizira kukuyenderera pamimba mpaka m'chiuno. Nditayang'ana pansi ndinaona zachikasu zikutuluka m'mbali mwanga n'kumalowa m'mipata ya mphasa, ndipo nsonga ya kansalu ka maluwa kaja inali itatulukira panja.

Abale anga, ndakhalapo wamaliseche pamsewu, ndasanzapo pamaliro, koma manyazi ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo. Kuthawa sindikanatha, chifukwa kuthawa kunafuna kuti ndiimirire, aliyense aone. Ndinangokanikiza nkhope pamphasa kudikira kuti wina akuwe kuti wakuba. Palibe anakuwa. Ndinamva amama NyaTembo akukoka mpweya mwamphamvu, ndinadziwa kuti aizindikira nsalu yawo. Kenako mawu a amama NyaMoyo anapitiriza monga mwa masiku onse, osakwera, osatsika.

"Kokani mpweya pamphuno. Gwirani. Tulutsani pang'onopang'ono. Kokaninso."

Miyezi iwiri yonse ndinali ndisanachitepo zimenezo moona. Tsiku limenelo ndinachita, chifukwa panalibe china choti ndichite. Ndinakoka. Ndinatulutsa. Ndinamva chifuwa changa chikukankha mphasa. Kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi, mpweya unatuluka ndi kulira kumene sindinalire tsiku la chithunzi, kumene sindinalire tsiku limene ana anakwera galimoto. Ndinalira kukamwa kuli pamphasa, makoko a mazira akundibaya pamimba.

Nditatembenuza nkhope ndinapeza adada Shaba akundiyang'ana. Nawonso anali chafufumimba, tsaya lili pansi, diso lawo lakumanzere litagwa monga linkakhalira. Anali ndi kampango kamene ankapukutira malovu, chifukwa pakamwa pawo sipankatsekeka bwino. Ndi dzanja lawo labwino lija anakakankha pamphasa, pang'ono pang'ono, mpaka kanafika pachala changa. Anavutika nthawi yaitali kuti mawu atuluke.

"Pu... pukutani," anatero.

Akazi awo sanali choncho, ndipo sindiwadzudzula. Titamaliza anaima pamaso panga. "Nkhuku ndili nayo imodzi," anatero. "Kuchipatala anati bambowa azidya mazira. Ndawamana sabata yonse kuti tibweretse kuno, chifukwa amama awa amakana malipiro. Ndamana mwamuna wanga wodwala kuti inu mukamwere mowa?" Anakweza amuna awo panjinga n'kumapita. Tiyi sanamwe.

Onse atachoka, amama NyaMoyo anandipatsa ndowa ya madzi ndi bulauzi yawo. Nditasamba ndinawapeza akukwecha mphasa ija panja.

"Ndakhala ndikukumvani kuyambira sopo woyamba," anatero osandiyang'ana. "Maso ndimatsinzina, koma dengulo ndi lakale, limalira munthu akaligwira."

"Nanga bwanji simunandithamangitse?"

"Ndinafuna. Kawiri konse ndinakonza mawu. Koma ndinati, munthu uyu amabwera katatu pa sabata asanaledzere. Ndikamuthamangitsa, m'mawa umenewonso ukhala wa kachasu. Ndiye ndinakhala chete, ndipo pokhala chetepo ndinalakwira anzanga amene amapereka. Lero mbwenu zatha. Mukafuna kubweranso, mudzawauze nokha zonse zimene munatenga."

"Munadziwa kuti ndili ndi mazira pamene munanditembenuza?"

"Ndinadziwa kuti muli ndi kanthu. Za mazira sindinadziwe."

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuchokera pamenepo ndinapita kukalapa. Ndinapita kukamwa. Ndinamwa masiku atatu osaona dzuwa bwinobwino. Koma ndikatsinzina ndinkaona kampango kaja kakuyenda pamphasa, ndipo kachasu sanathe kukafufuta. Lachitatu m'mawa ndinabwera, ndinaima pakhomo apo, n'kutchula zonse, sopo, shuga, mchere, machesi, makandulo. Wapolisi wopuma uja anati dengu lichotsedwe, pabwere bokosi la loko. Amayi awiri ananyamula zikwama zawo ndipo sanabwerenso mpaka lero. Amenewo gulu linawataya chifukwa cha ine.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, chifukwa mwina wina muno akuzifuna.

Sindinasiye ndekha. Amama NyaMoyo anati munthu womwa ngati ine akasiya mwadzidzidzi popanda thandizo akhoza kugwa khunyu ngakhale kufa. Ananditengera kuchipatala, adokotala anandiyeza n'kundipatsa mankhwala. Inu amene mumamwa m'mawa kuti manja akhazikike, ndapota, yambirani kuchipatala. Mphasa si mankhwala. Sabata yoyamba ndinagona m'kachipinda kosungira katundu kuseri uko, ndikutuluka thukuta, ndikusanza, ndikuona nyerere pakhoma pomwe panalibe nyerere. Phala limene ndinkamwa ufa wake unachokera m'dengu lomwelo. Anthu amene ndinawabera ndi amene anandidyetsa, ena mosafuna.

Kwa mayi wa kachasu uja sindinabwererenso, ngakhale kukatenga bulangete langa. Njira ya kuchigayo ndinaisiya, mpaka lero ndimazungulira ya kusukulu ngakhale ndi yaitali. Ludzu likabwera, ndipo limabwera, ndimakhala pansi paliponse pamene ndili, ndimawongola msana, n'kupuma mowerenga mpaka khumi, kenako n'kuyambanso. Ndinaphunzira kuti ludzu la mowa lili ngati zowawa za pobereka. Limabwera, limakwera mpaka umaganiza kuti ufa, kenako limatsika lokha. Ukalidikira limatsika. Vuto lake limabweranso.

Manja opanda ntchito amasaka kapu. Munthu wina, sindikumudziwa mpaka lero, anasiya pakhonde pano makina akale opukusa ndi dzanja, ochita dzimbiri. Ndinawamasula, ndinawatsuka ndi parafini, anayamba kuyenda. Ndinayamba ndi kusokerera nsalu m'mphepete mwa mphasa kuti zisamasosoke, ndi timapilo ta zigamba togwadira amene mawondo amawavuta. Mwakhalira tomweto. Patapita miyezi ndinabwerera kukhonde la kumsika. Madiresi a ukwati sandipatsa, ndipo ali ndi chifukwa. Ndimasoka zigamba, ndimaika mazipi, ndimachepetsa zovala za kaunjika. Zimandidyetsa.

Ntchito yoyamba itandipatsa kangachepe, ndinagula mazira asanu ndi limodzi n'kupita nawo kwa amama NyaTembo. Analandira n'kutseka chitseko. Anakhala miyezi osandipatsa moni. Adada Shaba anamwalira mvula itayamba. Ine ndi amene ndinasoka nsalu yoyera ya m'bokosi lawo. Pamanda amama NyaTembo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Yewo." Mawu amodzi othokozawo basi. Kuno sabweranso, akuti mphasa ya amuna awo imawapweteka m'maso.

Apa ndi pamene maumboni ambiri amafika pokoma, mwamuna wabwerera, ana abwerera, nyumba ya malata. Wanga alibe zimenezo. Ndinagwanso kawiri, ndipo kugwa kwachiwiriko ndikufuna mukumve bwino.

Nditatha miyezi isanu ndi itatu osalawa, ndinagula buledi ndi shuga n'kukwera galimoto ya ku Embangweni. Apongozi anandiyalira mphasa pakhonde, osati m'nyumba. Mlamu wanga popereka moni anawerama pafupi kwambiri ndi nkhope yanga, ndinadziwa kuti akununkhiza. Kenako anaitana ana. Lusungu anabisala kumbuyo kwa agogo ake n'kufunsa m'Chitumbuka kuti mlendoyu ndi ndani. Tawonga anabwera, anagwada chapatali, anandipatsa moni mwaulemu wonse ngati mmene angachitire kwa mayi wobwera kudzagula nkhuku, n'kupempha kuti akamalize kutsuka mbale.

"Mlamu," anatero mlamu wanga uja, "mowa tikuona kuti mwasiya, yewo chomene. Koma tamva kuti mwalowa za satana kwa gogo wa ku Joni uja. Akuti mumagwadira dzuwa. Ana a banja lino sangapite kunyumba ya zimenezo."

"Alamu, sitigwadira chilichonse. Bwerani mudzaone nokha. Timangowongola thupi ndi kupuma."

"Kupuma munthu amaphunzira kwa gogo? Siyani zimenezo, mubwerere kumpingo bwinobwino, kenako tidzakhala pansi tione."

Ndinabwerera pa Boma. Ndinauza amama NyaMoyo. Iwo anati, "Ana ndi ana, mwana wane. Ine sindingakugwireni mwendo." Ndiye ndinasiya kubwera. Kumpingo ndinapita, anandilandiranso, ndipo mpaka lero ndimapita, sindikunyoza mpingo. Koma Lamulungu ndi tsiku limodzi, ndipo ludzu limabwera masiku onse. Ndinayesa kukhala chete ndekha m'chipinda changa, koma chete wa wekha ndi wina, amadzaza ndi maganizo. Sabata yachisanu ndinapezeka ndili kuseri kwa chigayo. Anthu a kumsika ndi amene anandinyamula. Uthenga unafika kumudzi ine ndisanatsitsimuke.

Ndiye onani pamene ndaima. Ndikabwera kuno, akuti ndine wa satana, ana sandipatsa. Ndikasiya kubwera, ndimagwa, ana sandipatsa. Ndinasankha kukhala mayi wamoyo wopanda ana m'nyumba kusiyana ndi kukhala mtembo wa m'ngalande. Musandifunse ngati ndinasankha bwino. Pali masiku amene ndimadzuka n'kumaona kuti zonsezi n'zachabe, kuti ndikungochedwetsa tsiku. Lero ndakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri osamwa. Sindikulonjeza za mawa.

Khomo linonso silili bwino, ndisakunamizeni. Amama NyaMoyo maso awo achita ng'ala, masiku ano amatizindikira ndi mawu. Ana awo akufuna kuwatengera ku Mzuzu, ndipo tsiku lina adzawatenga. Denga likudontha pakona apo pamene pali beseni. Mphasa zatha. Anthu ena anathawa atamva ulaliki wa za satana, ena amabwera mobisala, amadutsa kaye pakhomo n'kubwerera akaona kuti palibe wowaona. Dengu masabata ena limagona ndi njala. Koma kachipinda ka kuseri kaja sikakhala kopanda munthu. Panopa muli wina, dzina sinditchula, ali pa tsiku lake lachinayi, akunjenjemera. Akufunika phala madzulo ano.

Tiyi amene timamwa tikamaliza si wa chisangalalo. Ena amabwera kuno m'mimba mulibe kanthu, ndipo munthu wa njala akawerama amachita chizungulire. Ndiye chimene muli nacho bweretsani. Mbatata ziwiri, mtolo wa nkhuni, kaufa, sopo, chitenje chakale. Amene muli ndi lata lotsala pomanga, ngakhale lobowoka, ife tidzamata. Amene mwadalitsika ndi ndalama, zimathandiza kukweza wodwala pagalimoto kupita kuchipatala. Amene mulibe kalikonse, bwerani mudzasese, kapena mudzangokhala pambali pa munthu amene akulira. Pano palibe kaundula, palibe wolemba dzina lanu, palibe wodzakuwombereni m'manja.

Ndipo ndikuuzeni chilungamo, bokosi la loko lija silinabwere. Amama NyaMoyo anakana. Ndiye n'kutheka kuti shuga wanu wina adzamuba. N'kutheka kuti wakubayo ali muno lero, wakhala kumbuyo, akudikira kuti titsinzine. Ngati ulipo, m'bale wanga, ine ndikukudziwa kuposa mmene ukudzidziwira. Iba ukafuna, koma ubwerenso Lolemba. Inu enanu perekanibe. Ambiri amene timawadyetsa sachira. Ndaona atatu akutuluka m'kachipinda kaja n'kubwerera kumowa, mmodzi tinamuika m'manda chaka chatha. Sindikukulonjezani kuti mphatso yanu idzapulumutsa munthu. Ndikungokuuzani kuti popanda phala la sabata imodzi ija, ine bwenzi mukundinena m'mbiri yakale.

Ndimalize ndi ichi. Mwezi wathawu ndinamva kuti Tawonga wasankhidwa kupita ku sekondale. Palibe anandiuza, ndinamva kwa mayi wina wa kumudziko amene anabweretsa zipi yoti ndimuikire. Ndinagula nsalu, ndinasoka yunifolomu, siketi ndi bulauzi, msoko uliwonse ndinaubwereza kawiri. Muyeso ndinautenga m'mutu, mmene ndinamuonera atagwada pakhonde paja. Ndinatumiza kudzera mwa mayi yemweyo.

Sabata yathayi yabwerera, yopindidwa bwino, yosavalidwa. M'thumba la siketi munali kapepala kong'ambidwa m'kope, kolembedwa ndi dzanja lake. Mawu awiri okha: "Yachepa. Ndakula."

Ndakhala ndi kapepalako masiku asanu ndi awiri tsopano. Sindikudziwa ngati akundiuza kuti ndimusiye, kapena akundiuza kuti ndisoke ina. Ndine telala, ndingathe kuyang'ana aliyense wa inu n'kunena muyeso wa chiuno chake osagwira tepi, koma msinkhu wa mwana wanga sindikuudziwa. Ndimakhala pakhonde la kumsika n'kumayang'ana ana a eni akuweruka kusukulu, n'kumati mwina wafika apa, mwina apa.

Dzulo ndadula ina. M'munsi ndi m'chiuno ndapinda nsalu yambiri mkati, kuti ikachepanso angomasula yekha, asavutike kundibwezera.

Zanga ndi zomwezo. Yewo chomene pondimvera.